Sewero, Nsolo ndi Chikondi Chosathera Kumanda

Mu Januwale 2024 ku America kudatuluka buku la achinyamata lotchedwa Dungeons and Drama, lolembedwa ndi Kristy Boyce. Nkhani yake ndi yopepuka. Riley, mtsikana wa ku sekondale amene mtima wake wonse uli pa zisudzo zoimba, atenga galimoto ya mayi ake mozemba, laisensi alibe, kuti akaonere sewero. Chilango chake n'choti azikagwira ntchito m'sitolo ya bambo ake yogulitsa masewera a patebulo. Kumeneko apezako Nathan, mnyamata wokonda masewerawo, ndipo poyamba awiriwa sakumwerana madzi. Kenaka apangana zonamizira chibwenzi: Riley akufuna kuonetsa bwenzi lake lakale kuti adaliiwala, pomwe Nathan akufuna kuti mtsikana amene amamusirira ayambe kumuona. Kumene nkhani ikukathera aliyense akhoza kulota. Bukuli lidayenda malonda, ndipo pasanapite nthawi mlembi wake adatulutsanso lina la mtundu womwewo, Dating and Dragons.

Kodi nkhani ya ana a ku America, okhala ndi magalimoto ndi masitolo a masewera, ikumukhudza bwanji mtsikana wa ku Shikabeta, uko m'boma la Rufunsa, kumene munthu amasiya tala wa Great East Road n'kutsetsereka msewu wafumbi wolowera ku mtsinje wa Lunsemfwa? Ine ndikuti ikumukhudza kwambiri. Sindikunena kuti timugulire bukulo. Ndikunena kuti mtundu wa nkhani umenewu ndi umene ukusowa m'chilankhulo chathu, pomwe zonse zoupangira tili nazo kale pakhomo.

Tiyambe ndi masewera amene ali pakati pa bukuli, chifukwa ambiri kwathu kuno sadawaonepo. Dungeons & Dragons adawatulutsa Gary Gygax ndi Dave Arneson mu 1974. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi pepala lofotokoza za munthu amene iye akhale m'nthanomo: msilikali, mbala, woimba, wamatsenga. Pepalalo limanena mphamvu zake, nzeru zake ndi zofooka zake. Munthu mmodzi ndiye mwini nthano. Iyeyo amafotokoza kuti mwafika pakhomo pa phanga, kunja kukuda, m'katimo mukumveka kubuula, ndiye mutani? Aliyense amayankha m'mawu a munthu wake. Wina akati ndidumpha phompho ili, amaponya dayisi ya mbali 20, ndipo nambala imene yatuluka ndiyo imanena ngati wadumpha kapena wagweramo. Palibe wogonjetsa mnzake, gulu lonse limapulumuka kapena kuvutika limodzi, ndipo nthano imodzi imatha kutenga miyezi, anthu akukumana sabata ndi sabata. Masewerawa adayambanso kutchuka pakati pa achinyamata buku latsopano la malamulo ake litatuluka mu 2014, ndiponso chifukwa cha kanema wa Stranger Things wa pa Netflix amene adayamba mu 2016, momwe ana amawasewera.

Apa mpamene pali nzeru ya olemba nkhanizi. Sewero la pasiteji ndi masewera a patebulo zonse ndi kuyerekeza kukhala munthu wina anthu akuona, motsata malamulo odziwika. Kusiyana kwake n'koti pasiteji mawu adalembedwa kale, pomwe patebulo ukupeka pomwepo. Tsono mnyamata wamanyazi, amene pakamwa pake sipangatuluke mawu oti ndimakuganizira, akhoza kuchititsa msilikali wake kuima kutsogolo kwa chilombo poteteza woimba wa mtsikanayo. Mtsikana amene sangayerekeze kuyang'ana mnyamata m'maso akhoza kutero kwa mphindi yathunthu chifukwa sewero likufuna choncho. Wowerenga amaona zinthu ziwiri nthawi imodzi, zimene ampangankhani akuti n'zongoyerekeza ndi zimene mitima yawo ikuchita, ndipo nthabwala yonse imachokera pa kusiyana kumeneko. Anzawo a patebulo amazindikira msanga kuposa eni ake, n'kumatsinana.

Njira imeneyi si yachilendo. Cha m'ma 1598 Shakespeare adalemba Much Ado About Nothing, momwe Beatrice ndi Benedick amangokhalira kutosana ndi mawu mpaka anzawo atawanamiza kuti aliyense akufera mnzake mwachinsinsi. Za chibwenzi chonamizira zidatchukanso ndi buku la Jenny Han la mu 2014, To All the Boys I've Loved Before, limene adalipanga kanema mu 2018. Owerenga nkhani zotere amadziwa kale kuti awiriwo akathera limodzi, ndipo sadandaula nazo. Chimene amafuna kuona ndi njira yake.

Mabuku a achinyamata a mtundu umenewu ali ndi zofooka, ndipo n'zosabisika. Ambiri ndi ofanana ngati opangidwa pa chikombole chimodzi. Njala mulibe, fizi si nkhani, ndipo vuto lalikulu limakhala loti sukulu yaimitsa sewero la chaka chino. Koma muli chinthu chimodzi chimene ndimachilemekeza: mnyamata ndi mtsikana amadziwana masana, pagulu, akugwira ntchito imodzi. Amaonana wina akagonja, akakwiya, akaiwala mawu, akalakwa n'kupepesa. Chikondi chimabwera pambuyo pa kudziwana, ndipo wina akati ayi, ayiyo amamveka.

Tsopano tibwere kwathu. Rufunsa lidakhala boma palokha m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, litapatulidwa ku Chongwe, ndipo Shikabeta ndi limodzi mwa madera a mafumu a Asoli pamodzi ndi Mpanshya ndi Bunda Bunda. Mwana wa kumeneko amakula akumva Chisoli pakhomo, koma kusukulu chilankhulo cha m'dziko chimene amaphunzira ndi Chinyanja, popeza ndicho chidasankhidwira chigawo cha Lusaka ndi cha Kummawa pa zilankhulo 7 zimene boma limagwiritsa ntchito m'masukulu ndi pa wailesi. Ndiye kuti buku la Chinyanja akhoza kuliwerenga, monga momwe angaliwerengere mnzake wa ku Katete, ku Mchinji kapena ku Angónia. Funso ndi loti akalitsegula, za chikondi cha anthu a msinkhu wake apezamo zotani.

Amene adaphunzira m'zaka za m'ma 1980 amakumbukira timabuku ta Pacesetters timene kampani ya Macmillan idayamba kutulutsa mu 1977. Tinkayenda m'manja mpaka zikuto kuthothoka, ndipo Evbu My Love la Helen Ovbiagele lidaliritsa atsikana ambiri m'mahositelo. Ku Malawi Dede Kamkondo adalembako mu mndandanda womwewo, Aubrey Kalitera ankasindikiza yekha mabuku ake monga Why Father Why, ndipo m'Chichewa tidali ndi Willie Zingani ndi Madzi Akatayika, komanso Jolly Max Ntaba ndi Mtima Sukhuta. Anali mabuku okoma, ndipo adatsimikiza kuti achinyamata athu amawerenga akapeza nkhani yowakhudza. Komabe ngakhale nthawi imeneyo chikondi m'nkhani zathu kawirikawiri chinkayenda ndi misozi. Matenda a Edzi atafika, zinthu zidalimbiratu. Nkhani ya mnyamata ndi mtsikana idasanduka chenjezo basi. Pitani ku mpikisano uliwonse wa zisudzo za m'masukulu, mudzaona momwe zimayendera: mtsikana wanzeru akopeka ndi foni kapena tchipisi, atenga mimba, mwamuna amukana, sukulu yathera pomwepo, ndipo sewero litsekedwa ndi nyimbo ya maliro kapena ndi nesi wolangiza oonera.

Sindikunyoza amene amalemba zimenezi. Mavuto ake ndi enieni, ndipo m'madera akutali ngati Shikabeta, kumene ana ena amayenda mtunda wautali kapena kuchita lendi tinyumba pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha, mimba za atsikana achichepere ndi maukwati a ana si nthano. N'chifukwa chake Zambia idakhazikitsa lamulo lolola atsikana kubwerera kusukulu akabereka mu 1997, ndipo mu 2023 idasintha lamulo la maukwati kuti ngakhale ukwati wa mwambo usachitike wina asanakwane zaka 18. Malawi idakonza malamulo ake aakulu pa nkhani yomweyi mu 2017. Chenjezo likufunika. Vuto ndi loti chenjezo limangonena chimene uthawe. Mtsikana amene waonera masewero makumi a chibwenzi choipa sadaonepo ngakhale limodzi losonyeza mnyamata womulemekeza, wodikira, wokondwa kuti iye wakhoza mayeso kumuposa. Mnyamata naye amangodziona ali chilombo kapena chitsiru. Tsiku limene mtima udzayambe kugunda, ndipo udzagunda ndithu, onse awiri alibe chitsanzo china koma cha mumdima, kuseri kwa chigayo. Nkhani yoseketsa ya chikondi ikalembedwa bwino imapereka chitsanzo chosowacho popanda kulalikira.

Zopangira nkhani yotere tili nazo zambiri kuposa momwe timaganizira. Zisudzo ndiye osanena. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Michael Etherton ndi ophunzira a pa University of Zambia adamanga bwalo la Chikwakwa, lapamtetete, ndipo ankanyamula masewero kupita nawo kumidzi m'zilankhulo za anthu. Mu mzere umenewo mudatuluka anthu ngati Kabwe Kasoma, mlembi wa Black Mamba, ndi Mapopa Mtonga. Lero masukulu a m'Zambia amapikisana pa zisudzo kudzera m'bungwe la NASAAZ kuyambira pa zoni mpaka dziko lonse. Ku Malawi mpikisano wa zisudzo za m'masukulu wa ATEM ndiwo udasula Du Chisiza Jr., amene adayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ndipo Izeki ndi Jakobo a gulu la Kwathu adaonetsa kuti Chichewa chikhoza kuseketsa holo yodzaza mpaka anthu kugwira nthiti, monga ankachitira Bikiloni ndi Diffikoti ku Lusaka. Kalabu ya zisudzo ndi amodzi mwa malo ochepa pasukulu pamene anyamata ndi atsikana amaloledwa kutsalira limodzi maphunziro akatha, aphunzitsi ali pomwepo. Muli zonse zimene wolemba angafune: kulimbirana mbali yaikulu, jekete lobwereka kwa amalume, ndevu za thonje zimene zimagwa sewero lili m'kati, ndi ulendo wa pa lole wopita ku mpikisano wa ku boma.

Mwini nthano wa patebulo uja nayenso si mlendo kwa ife. Kuyambira 1966 mpaka 1976 Julius Chongo ankakamba nkhani pa Radio Zambia mu pulogalamu ya Poceza M'madzulo, munthu mmodzi akusintha mawu kukhala nkhalamba, namwali, mfumu ndi fisi, ndipo Ernst Wendland adazisonkhanitsa zina n'kuzisindikiza. Agogo athu okamba nthano pamoto sankayankhula okha, omvera ankavomera, kuimba nawo, ngakhale kutsutsa. Ndipo ana akamachita masanje, wina bambo, wina mayi, wina fisi wobwera kudzaba ndiwo, amakhala akupeka nkhani pamodzi popanda pepala. Chimene Gygax ndi Arneson adaonjezerapo ndi dayisi ndi buku la malamulo.

Koma masewera athu enieni a pansi ndi nsolo, umene ku Malawi mbale wake ndi bawo, ndipo apa ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono. Bawo lili ndi mizere inayi ya mabowo asanu ndi atatu, mabowo 32 onse pamodzi, ndi nkhomo 64. Nsolo nawo ndi wa mizere inayi, koma kawirikawiri amangoukumba pansi pa mtengo, miyala ya kumtsinje n'kukhala zosewerera, ndipo mizereyo imatha kutalika mpaka kufuna anthu angapo mbali iliyonse. Aliyense amayendetsa miyala m'mizere yake iwiri, kuwerengera kumene mwala womaliza ukagwere kuti adye za mnzake. Wodziwa amaona kutsogolo maulendo awiri kapena atatu manja asanagwire mwala. Tsono masewerawa sachitika mwakachetechete. Oonerera amalangiza, amanyogodola, amakuwa wina akadyedwa, ndipo wogonja amachoka pampando anthu akumuseka. Ndi bwalo la zisudzo palokha. Khalidwe la munthu limaonekera poyera: wadyera, wopupuluma, wobera powerenga, wodekha, wodziwa kugonja osatukwana.

Chinanso n'choti pa nsolo ndi pa amuna. Atsikana kwawo ndi chiyato, phada ndi fulaye, ndipo nthawi imene abambo ali pansi pa mtengo iwo amakhala ali kumjigo kapena pamtondo. Ndiye tangoganizani mtsikana amene adaphunzira nsolo kwa agogo ake aamuna powasungira miyala, ndipo tsiku lina akhala pansi n'kugonjetsa mnyamata wodzitama wa m'kalabu ya zisudzo, anthu onse akuona. Mnyamatayo akufuna kubwezera, koma kuti atero ayenera kuphunzira, ndipo womuphunzitsa palibe wina koma yemweyo. Mtsikanayo naye aphunzitsi amukakamiza kulowa m'sewero chifukwa amene amayenera kutenga mbaliyo wadwala, koma iye pagulu mawu amamuthawa. Aliyense ali ndi chimene mnzake alibe. Nkhani yayamba kale pamenepo, ndipo simudabwereke kanthu ku America. Wofuna kuika draft ya zitsekerero za mabotolo kapena chess akhoza kutero. Zambia ndi kwawo kwa Amon Simutowe, amene adakhala Grandmaster mu 2009, ndipo nkhani ya Phiona Mutesi wa ku Katwe ku Uganda, imene idapangidwa kanema mu 2016, idasonyeza kuti dziko limamvetsera mtsikana wosauka akakhala pa bolodi.

Pali zina za m'mabuku akunjawa zimene sizingawoloke nyanja. Chibwenzi chonamizira ku sekondale ya ku America ndi nthabwala yopanda ngozi. Ku Shikabeta mphekesera yotere ikhoza kufika kwa amalume dzuwa lisanalowe, ahedi n'kuitanitsa makolo, ndipo amene angavulale ndi mtsikana, mbiri yake ndi sukulu yake. Wolemba wathu asakopere zimenezo mwachimbulimbuli. Kwathu nthabwala ili kwina: awiri amene akukana kwamtuwagalu kuti palibe chilichonse, pomwe mudzi wonse wagamula kale chifukwa m'sewero adatengana ngati mwamuna ndi mkazi. Oonera athu sachedwa kusakaniza sewero ndi moyo, ndipo wochita mbali ya mfiti amatha kumalozedwa chala kumsika. Kutosana kwa Beatrice ndi Benedick nako tili nako kwathukwathu m'chisuweni, pomwe msuweni amaitana mnzake kuti mkazi wanga n'kumunyoza za mphuno yake popanda wokwiya, komanso m'chimbuya cha Angoni ndi Abemba. Chilankhulo chathu chidazolowera kubisa chikondi m'chipongwe, ndipo ndikudabwa kuti olemba athu sadachigwiritse ntchito mokwanira.

Akuluakulu nawo asalembedwe ngati adani. M'mabuku a ku America makolo amangokhala m'mbali, koma kwathu chikondi cha ana awiri ndi nkhani ya azakhali, agogo, alangizi a kumpingo ndi aphunzitsi. Agogo aakazi amene akudziwa zonse koma akunamizira kugontha ndi mpangankhani woseketsa kuposa wina aliyense. Ndipo mathero ake sayenera kukhala ukwati. Kwa ana a sukulu mathero okoma ndi oti sewero latheka, mayeso alembedwa, awiriwo avomerezana kuti amakondana ndipo adikirana, aliyense akupita kumene maphunziro akumutengera. Dzanja logwirana kamphindi pokwera lole likhoza kunyamula zonse zimene buku lakunja limanyamula ndi kupsompsonana.

Ndikudziwa kuti makolo ena ndi atsogoleri a mipingo sangakondwe. Adzati mukuphunzitsa ana zibwenzi. Yankho langa ndi loti ana akuphunzira kale, pa mafoni a anzawo, m'mavidiyo a nyimbo ndi m'makanema a akuluakulu ngati Mpali ndi Zuba, momwe chikondi chimayendera chuma, mitala ndi chinyengo. Kukhala chete sikudawateteze. Ena adzadandaula za matsenga a m'masewera a Dungeons & Dragons, ndipo ku America komweko m'zaka za m'ma 1980 mipingo ina idawanena kuti ndi a Satana. Kwathu, kumene nkhani ya ufiti imathamangitsa nkhalamba m'midzi, si chinthu chochitengera mwachibwana, ndipo ndi chifukwa chinanso chosankhira nsolo, umene uli masamu ndi kuleza mtima basi. Wolemba asiyanitsenso bwino masewera ndi njuga, makamaka masiku ano pamene kubetcha pa foni kwalowa mpaka m'midzi. Miyala ya nsolo ikatha, palibe amene wataya ndalama ya feteleza.

Chovuta chenicheni ndi njira yofikitsira nkhaniyo kwa mwini wake. Osindikiza mabuku m'Zambia ndi m'Malawi amadalira mabuku a silabasi, chifukwa ndiwo ali ndi wogula wotsimikizika, ndipo buku la Chinyanja longosangalatsa amaliopa. Laibulale ya sukulu ya kumudzi, ikakhalapo, imadzaza ndi mabuku a mphatso ochokera kunja. Komabe achinyamata akuwerenga nkhani zazigawozigawo pa Facebook ndi pa WhatsApp, zambiri zolembedwa m'Chichewa ndi m'Chinyanja cha m'tauni, ndipo amadikira gawo lotsatira mwachidwi chomwe chija cha Pacesetters. Kumene netiweki imavuta, wailesi imafika. ZNBC Radio 1 ili ndi nthawi ya Chinyanja, ndipo mawailesi a m'madera ngati Breeze FM ya ku Chipata amafuna mapulogalamu. Nkhani yomangidwa pa sewero ili ndi mwayi wina: ikhoza kulembedwa ngati sewero lenileni la mphindi makumi atatu, kalabu ya sukulu n'kulichita pabwalo, bolodi la nsolo lili pakati pa siteji. Ku Shikabeta agogo a m'seweromo ayankhule Chisoli, ana ayankhe m'Chinyanja, aphunzitsi aponyemo Chingerezi, monga momwe anthu amayankhuliradi kumeneko.

Choncho pempho langa likupita kwa aphunzitsi oyang'anira makalabu a zisudzo, kwa oweruza mipikisano ya NASAAZ ndi ATEM, ndi kwa achinyamata amene akulemba kale pa mafoni awo. Oweruza, musamachotsere mamalikisi sewero chifukwa choti palibe amene wamwalira kapena kutenga mimba. Aphunzitsi, chaka chino lolani ana anu alembe sewero limodzi la mnyamata ndi mtsikana amene akudziwana masana, pa nsolo ndi pasiteji, anthu aseke, ndipo onse awiri akalembe mayeso awo.